Timawu tating'ono ta Chingerezi tomwe timagwetsa ana a pa Chipoka

Pa Chipoka ndi pomwe njanji imakumana ndi nyanja. Njanji yochokera ku Blantyre inafika kuno mu 1935, chaka chomwe mlatho wa Dona Ana pa mtsinje wa Zambezi unatsegulidwa, ndipo katundu wochokera ku Beira anayamba kumatsitsidwa m'mabogi n'kukwezedwa m'sitima zapamadzi zolowera kumpoto. Mwa madoko akuluakulu a nyanja yathu, Monkey Bay, Chipoka, Nkhata Bay ndi Chilumba, la Chipoka lokha ndi lomwe lili ndi njanji. Chingerezi cha ntchito yapadoko sichikhala cha mawu ataliatali ayi. Sitima ikakocheza, Mngerezi amati "put in". Ikanyamuka kulowa pakati pa nyanja amati "put out". Ulendo ukaimitsidwa kaye chifukwa cha mwera ndiye "put off", wina akasunga apaulendo osowa pogona usiku umenewo ndiye "put up", ndipo apaulendowo akapirira kuchedwako osadandaula ndiye "put up with". Mneni ndi mmodzi yemweyo, yemwe mwana wa Sitandade 3 anauzidwa kuti amatanthauza kuika. Komatu m'ziganizo zonsezi palibe chomwe chikuikidwa paliponse.

Apa ndi pomwe pagona vuto la Chingerezi cha ana athu, pa Chipoka ngakhale kwina kulikonse m'dziko muno. Makolo ambiri, ndi aphunzitsi ena omwe, amayesa kuti Chingerezi chovuta ndi cha mawu ojintcha, aja munthu amati akawatchula pamsonkhano anthu n'kuwomba m'manja asanamve n'komwe tanthauzo lake. Zoona zake n'zakuti mawu ataliatali ngofatsa: "postpone" ukangomudziwa kamodzi, wathana naye. Ozunguza mutu ndi aneni afupiafupi a tsiku ndi tsiku monga "put", "get", "take", "give", "come", "go" ndi "run", akaphatikana ndi timawu ngati "up", "off", "out", "in" ndi "on" n'kupanga zomwe mabuku a galamala amazitcha "phrasal verbs". Mfundo yanga njakuti mwana wa pa Chipoka sabwera ku phunziro limeneli chimanjamanja. Chichewa chomwe amalankhula kugombe ndi kumsika chimasewera ndi aneni ake mwa njira yofananako, ndipo sukulu ikanamuonetsa kufananako ntchito ikanamupepukira kwambiri. M'malo mwake timaphunzitsa zining'a pa nthawi ya Chichewa, aneni ophatikanawa pa nthawi ya Chingerezi, ngati kuti ziwirizi n'zosadziwana.

Kukula kwa nkhaniyi kunayezedwa kale. Mu 2007 akatswiri awiri a ku America, Dee Gardner ndi Mark Davies, anasanthula mulu wa zolembedwa ndi zolankhulidwa wotchedwa British National Corpus, womwe uli ndi mawu pafupifupi 100 miliyoni. Anapeza kuti wowerenga Chingerezi amakumana ndi mneni wamtunduwu pafupifupi kamodzi pa mawu 150 alionse, komwe kuli ngati kawiri pa tsamba lililonse la buku. Anapezanso kuti aneni 20 okha, pophatikana ndi timawu 8, ndi omwe amapanga zoposa theka la zonse zomwe anawerengazo. Izi zikumveka ngati uthenga wopepuka, mpaka utamva kuti aneni ophatikana 100 owonekera kwambiri ali ndi matanthauzo oposa 500. Akonzi a Oxford English Dictionary atakonzanso mneni "run" mu 2011 anamupeza ndi matanthauzo 645. Ngakhale Samuel Johnson, m'mawu otsogolera dikishonale yake ya mu 1755, anavomereza kuti aneni ophatikana ndi timawu totere ndi omwe amasautsa kwambiri alendo ophunzira Chingerezi. Choncho mwana wa Fomu 2 akamasokoneza "take after" ndi "take over" si umbuli ayi, wakumana ndi gawo lomwe eni chinenerocho amadziwa kuti ndi loterera.

Kuti timvetse chifukwa chomwe Amalawi timathamangira mawu ataliatali, tiyang'ane kumbuyo pang'ono. William wa ku Normandy atagonjetsa England mu 1066, Chifalansa chinakhala chinenero cha kunyumba ya mfumu ndi kubwalo la milandu, Chilatini chili cha tchalitchi ndi maphunziro, pomwe anthu wamba anapitiriza ndi aneni awo akale afupiafupi. N'chifukwa chake lero chinthu chimodzi chimanenedwa pawiri: "give up" ndi "surrender", "find out" ndi "discover", "put out" ndi "extinguish". Ife Chingerezi chinatipeza kudzera ku sukulu za mishoni, ku ofesi ya bwanamkubwa ndi kukhothi, ndiye tinalandira chapamwambacho. Dr. Hastings Kamuzu Banda ankalankhula kwa anthu ake m'Chingerezi kudzera mwa womasulira, ndipo pa Kamuzu Academy yomwe anatsegula ku Mtunthama mu 1981 ophunzira ankayenera kuphunzira Chilatini ndi Chigiriki. M'mitu mwathu munakhazikika zoti wophunzira ndi yemwe amatchula mawu olemera. Zotsatira zake, womaliza Fomu 4 amatha kulemba kalata yofunsira ntchito yodzaza ndi mawu ochititsa nthumanzi, koma akamufunsa pamayeso apakamwa kuti "how did you get on?" amayamba kufotokoza momwe anakwerera minibasi.

Wina anganene kuti zimenezi n'zokometsera chabe, bola mwana adziwe galamala. Koma taonani komwe timawuti timamudikirira mwana wa pa Chipoka. Kuti alandire satifiketi ya MSCE kuchokera ku MANEB ayenera kukhoza Chingerezi, ngakhale atakhoza bwanji masamu ndi sayansi, ndipo sukulu zaukachenjede za boma zimafuna makirediti asanu ndi imodzi kuphatikizapo Chingerezicho. M'mafunso a galamala aneni ophatikanawa amabwera mwachindunji, koma oopsa kwambiri ndi obisala m'nkhani yoti mwana awerenge n'kuyankha mafunso, chifukwa akaphonya "called off" m'ndime yoyamba, nkhani yonse waimva chozondoka. Kunja kwa kalasi n'chimodzimodzi. Wogulitsa usipa yemwe amalandira ndalama pa Mpamba kapena Airtel Money amakumana ndi "cash in" ndi "cash out" tsiku lililonse. Mtsikana wopeza ntchito kumalo ogona alendo ku Senga Bay amayamba ndi "check in", "check out" ndi "clear up". Mnyamata wopita ku Joni, monga amachitira ambiri a m'mbali mwa nyanja, abwana ake samuuza mawu a m'buku, amangoti "pick up", "drop off", "lock up". Ndipo anthu a ku Salima ali ndi chitsanzo chawochawo: asilikali omaliza maphunziro ku MAFCO amachita perete wa "passing out", pomwe "pass out" yemweyo kuchipatala ndi kukomoka, ndipo ukangosintha kamawu kamodzi n'kukhala "pass away" ndiye kuti pagwa maliro.

Nanga timaphunzitsa bwanji? Njira yofala ndi ya mndandanda. Mphunzitsi amalemba pabolodi "put off, put on, put out, put up", mbali inayi matanthauzo ake m'mawu ena Achingerezi ovutirapo, ana n'kukopera, n'kuloweza, n'kuiwala sabata isanathe. Mphunzitsiyo sitingamudzudzule kwambiri, pakuti chiyambire maphunziro aulere a pulayimale mu 1994 kalasi la ana oposa 100 si lachilendo, ndipo mndandanda ndi womwe umatheka ndi choko chimodzi. Koma mndandanda wotere umaunjika pamodzi zinthu zofanana maonekedwe koma zosiyana tanthauzo, zomwe ndi njira yachangu yosokonezera munthu. Kuli ngati kuphunzitsa mwana kupalasa bwato pamchenga. Choipitsitsa n'chakuti mwanayo amachoka ndi maganizo oti Chingerezi n'chinenero chopanda dongosolo, chomwe mawu ake amangosintha tanthauzo mwachisawawa, pomwe chinenero chake cha kwawo amachiyesa cholunjika.

Chichewa si cholunjika chotero. Tengani mneni kugwira. Mwana aliyense amadziwa kugwira nsomba kapena kugwira chingwe cha khoka. Koma mwana yemweyo, popanda womuphunzitsa, amadziwa kuti kugwira ntchito si kuyika dzanja pa ntchitoyo, kuti wogwira njakata wasowa chochita, kuti wogwira mwendo akupepesa kapena kupempha chifundo, ndiponso kuti msodzi wogwira tambala pakamwa wangolawirira m'mamawa, tambalayo ali phee m'khola. Amadziwa kuti mawu ogwira mtima alibe zala, kuti kudzigwira ndi kuugwira mtima pomwe ukanapsa, kuti wokugwiritsa mwala wakukhumudwitsa pa zomwe analonjeza, ndipo wokugwiritsa fuwa lamoto wakupusitsa. Pitani kwa kutaya: kutaya mtima ndi kwina, kutaya nthawi ndi kwina, ndipo mlendo akapempha kokataya madzi palibe yemwe amamupatsa ndowa. Kudya nako: kudya ndalama za msonkhano, kudyera mnzako masuku pamutu. Kugwa: kugwa mphwayi, kugwa m'mbuna, kugwa nayo nkhani. Mzungu wophunzira Chichewa amalira ndi zimenezi monga momwe mwana wathu amalirira ndi "put up with". Luso lomva kuti mneni wamba wavula tanthauzo lake la masiku onse chifukwa cha mawu omwe wayandikana nawo, mwana wa pa Chipoka ali nalo kale asanaponde pasukulu. Chomwe sanauzidwe n'chakuti luso lomwelo ndi lomwe Chingerezi chikumupempha.

Palinso kufanana kwina kozama, komwe kuli m'misintho ya aneni. Ntchito yomwe Chingerezi chimapatsa timawu toima patokha, Chichewa chimaipatsa tizidutswa tolowa m'kati mwa mneni. Timati kuvala ndi kuvula, kutseka ndi kutsegula, kumanga ndi kumasula, kusenza ndi kutula. Mngerezi pa zina mwa izi amasinthanitsa "on" ndi "off", monga "put on" ndi "take off". Timati madzi atheratu, nyumba yapseratu, nyanja ya Chilwa inaumiratu mu 1995. Kutsirizika komwe ife timakumva mu "-ratu" ndi komwe iwo amakuika mu "up" akamati "use up", "burn up", "dry up". Mwana akaona zimenezi amasiya kufunsa kuti nyanja ingaume bwanji chokwera m'mwamba. Ndipo monga "put up with" sangamveke pongophatikiza matanthauzo a timawu take, nafenso tili ndi zotero: kugwirizana, kugwiritsa ntchito ndi kugwiririra zonse zinachokera kwa kugwira, koma woyesa kuzimva powerenga zidutswa zake angalakwitse koopsa.

Kafukufuku wa kunja akugwirizana ndi ganizoli. Mu 1985 Menachem Dagut ndi Batia Laufer anapeza kuti ophunzira olankhula Chiheberi, chomwe chilibe aneni amtunduwu, ankawazemba n'kumasankha mawu amodzi ataliatali, monga momwe ife timachitira. Mu 1993 Laufer yemweyo ndi Stig Eliasson anapeza kuti olankhula chinenero cha ku Sweden, chomwe chili ndi aneni ofanana nawo, sankawazemba. Mantha amachepa munthu akazindikira kuti chinthucho ali nacho kwawo. Kusiyana kwake n'kwakuti wa ku Sweden kufananako amakuona yekha chifukwa kuli poyera, pomwe kwa Mchewa kunabisala m'zining'a ndi m'misintho ya aneni, ndiye pafunika mphunzitsi woti amulozere.

Otsutsa ali ndi mfundo yomwe siyenera kunyozedwa. Amati Chichewa ndi chomwe chikuwononga Chingerezi cha ana, ndipo umboni ali nawo: "he ate the money", "she was chased from school", "I am moving with my friend". Zonsezi ndi Chichewa chovala jekete. Ndiye kubweretsa Chichewa m'kalasi la Chingerezi si kuthira mafuta pamoto kodi? Yankho langa n'lakuti ziganizo zimenezi zikutuluka m'sukulu momwe Chichewa n'choletsedwa kale, momwe wolankhula chinenero cha makolo amapatsidwa chibalo. Kuletsa pakamwa sikuletsa m'mutu. Mwana amamasulirabe chamumtima, kungoti tsopano akumasulira yekha, mumdima, popanda womuuza pomwe kumasulirako kukugwira ndi pomwe kukuterereka. Mphunzitsi yemwe angaike "kudya ndalama" pabolodi n'kunena kuti pano Mngerezi sadya, amati "make off with" kapena "embezzle", koma pa "kutsina khutu" ali ndi chake "tip off", ndipo "kugwiritsa mwala" ndi "let down", wachiza matenda omwe chibalo sichingachize. Zolakwa zina, monga "cope up with" kapena "I will pick you" wopanda "up", sizichokera n'komwe ku Chichewa. Zimachokera kwa munthu yemwe akudziwa kuti timawuti tilipo koma sanauzidwe ntchito yake, ndiye amangotiwaza kapena kutisiya mwamwayi.

Ena amati mankhwala ake ndi kumiza ana m'Chingerezi kuyambira ali aang'ono, kuti timawuti tiwalowe tokha monga timalowera mwana wa ku London. Boma linatsamira mbali imeneyi: pambuyo pa ndondomeko ya 1968 yomwe inakweza Chichewa, ndi kalata ya mu 1996 yolola zinenero za makolo m'makalasi anayi oyamba, lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chinenero chophunzitsira, ndipo mu 2014 nduna ya maphunziro Lucius Kanyumba inalengeza kuti izi ziyambira Sitandade 1. Kumiza kumathandiza pomwe pali madzi omizamo. Mwana wa ku London amamva "put it down" kambirimbiri asanakwane zaka zitatu, kwa amayi ake, akuona ndi maso chomwe chikutsitsidwacho. Mwana wa pa Chipoka Chingerezi amachimva kwa munthu mmodzi, maola ochepa, m'kalasi lodzaza, ndipo munthuyo naye anaphunzira cha m'buku. Akaweruka amabwerera kugombe komwe mawu onse ndi Chichewa ndi Chiyao. Sukulu za ndalama za ku Lilongwe ndi ku Blantyre zingakwanitse kumizako chifukwa ana ake kunyumba ali ndi wailesi yakanema, mabuku ndi makolo olankhula Chingerezi. Kutengera njira yawo pa Chipoka n'kuyembekeza zipatso zofanana ndi kudzinamiza. Ngakhale National Reading Programme yomwe inayamba mu 2016 inamangidwa pa kuwerenga m'Chichewa ndi m'Chingerezi limodzi, osati Chingerezi chokha.

Pali zinthu ziwiri zomwe ndiyenera kuvomereza. Choyamba, si mwana aliyense wa pa Chipoka yemwe Chichewa ndi chinenero chake choyamba. M'midzi yambiri ya m'mbali mwa nyanja kunyumba kumalankhulidwa Chiyao. Izi sizigwetsa mfundoyi, chifukwa Chiyao nacho chili ndi misintho ya aneni ndi zining'a zake, ndipo mwana wolankhula ziwirizi anazolowera kale kuti chinthu chimodzi chimanenedwa mosiyana. Koma zikutanthauza kuti mphunzitsi ayenera kufunsa anawo m'malo mongowauza. Chachiwiri n'cholemerapo: kufananitsa sikufika ponseponse. Frank Boers, pa kafukufuku wake wa mu 2000 ku Belgium, anapeza kuti ophunzira omwe anafotokozeredwa ganizo lobisala m'timawu ngati "up" ndi "down" ankakumbukira bwino aneni omwe anaphunzitsidwa, koma sizinawathandize kwenikweni pa aneni atsopano omwe sanawaonepo. Palibe nzeru ya Chichewa yomwe ingamuuze mwana kuti "take after" ndi kufanana ndi kholo. Zotere ayenera kukumana nazo m'nkhani kangapo mpaka zimulowe. Choncho sindikunena kuti zining'a zilowe m'malo mwa kuwerenga. Popanda mabuku a nthano, nyuzipepala ndi wailesi, njira iliyonse idzatsimphina. Chomwe Chichewa chimachita ndi kuchotsa mantha ndi kupatsa mwana pokolowekapo zomwe akuwerengazo, kuti akakumana ndi "give up" m'nkhani asafunefune chomwe chikuperekedwa kumwamba, koma akumbukire kuti kwawonso anthu amataya mtima popanda kuuponya kudzala.

Zofunika kuti izi zitheke si zodula. Mndandanda wa aneni ophatikana 150 ofala kwambiri, pamodzi ndi matanthauzo awo owonekera kawirikawiri, unakonzedwa kale mu 2015 ndi Mélodie Garnier ndi Norbert Schmitt a ku yunivesite ya Nottingham. Mbali ya Chichewa nayo zipangizo zilipo: Centre for Language Studies ku Zomba, yomwe inalowa m'malo mwa Chichewa Board mu 1996, inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja, ndipo madikishonale a zinenero ziwirizi akhalapo kuyambira pa ya David Clement Scott ya mu 1892 mpaka ya Steven Paas ya masiku ano. Chomwe chikusowa ndi kabuku kamodzi koika ziwirizi moyandikana, kosanjidwa motsata tanthauzo osati motsata zilembo, kokhala ndi ziganizo za moyo wa anawo: injini ya boti yomwe yachita "break down" pakati pa nyanja, mafuta omwe achita "run out", msika womwe wachita "pick up" nyengo ya usipa. Kulemba kabuku kotere ndi ntchito ya Malawi Institute of Education ku Domasi, ndipo kuphunzitsa kagwiritsidwe ntchito kake ndi kwa makoleji a aphunzitsi. Koma pasukulu iliyonse ya sekondale pali kale mphunzitsi wa Chichewa yemwe amaphunzitsa zining'a ndi mphunzitsi wa Chingerezi yemwe amaphunzitsa aneni ophatikanawa, kwa ana omwewo, ndipo awiriwa amakhala m'chipinda chimodzi cha aphunzitsi. Kuti agwirizane sabata yophunzitsira mitu iwiriyi ndi kubwerekana zitsanzo, safunika chilolezo chochokera ku Capital Hill.